Mawaya Anakayezera Padenga

Inu amene mwatopa n'kuitana popanda wokuyankhani, imvani za mtsikana wina yemwe anzake ankamutcha Mawaya.

Mayeso a sekondale anamukana. Ankagulitsa machaja pamsewu, n'kumagona m'kachipinda kosungiramo katundu kwa mlamu wake. M'kachipindamo ndi momwe analumikiza wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, ya zipangizo zotolatola. Laisensi anaipeza movutikira. Koma akaitana, kunkangomveka kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya.

Mlamuyo zinamukwana. Anati mlongoti wa wailesiwo ukungoboola malata, ndipo Loweruka autsitsa, poti ngakhale galu akauwa anzake amamuyankha.

Chomwe chinkamuwawa Mawaya chinali mita. Mlongoti ukakhala wosatchunidwa bwino, mphamvu ina yochoka m'wailesi imabwerera m'chingwe, ndipo mita imayeza yobwererayo. Singano ya mita yake inkangogona pansi, kusonyeza kuti zonse zili bwino.

Anapita nalo funsoli kukalabu ya okonda mawailesi, osadziwa kuti akukasosola moto. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anati mita imaikidwa pafupi ndi wailesi basi, chifukwa chomwe timateteza kuti chisapse ndi wailesiyo. Bambo wina wokonza mafiriji anakana kwamtuwagalu. Iye anati chingwe chikakalamba chimadya mphamvu popita ndi pobwera pomwe, ndiye yobwerera imafera m'njira, mita n'kumakusekerera. Anakangana mpaka tiyi kuzizira, mwini funso atamuiwala.

"Ine ndikayeza konse kuwiri, pawailesi ndi pamlongoti," anatero Mawaya.

Munthu wake ankachita chizungulire ngakhale pampando, koma padenga anakwera, mita ili m'thumba. Anailumikiza patsinde pa mlongoti, n'kukuwira mkulu wake, mkazi wa mlamu uja, kuti adine batani la wailesi. Singano inalumpha mpaka kumapeto. Atasenda chingwecho munatuluka madzi, mkuwa wonse utabiriwira.

Akuluakulu aja atamva sanakhale pansi. Wa mafiriji anabweretsa chingwe chabwino. Mphunzitsi anabwera kudzagwira makwerero, uku akung'ung'udzabe kuti iyenso sananame. Mawaya anakwera, kudula mlongoti pang'ono, kuyeza, kutsika, kukweranso, mpaka m'manja munachita matuza. Ine mtima wotere ndimauvulira chipewa.

Loweruka mlamu anaima pakhomo la kachipinda kaja sipanala ili m'manja. Mawaya anaitana. Kunali zii. Anaitananso.

"Ndikukumva bwinobwino," anatero mawu a munthu wa kutsidya la nyanja. "Bwerezanso, ndiwe yani?"

Mawaya misozi inangoti mbwembwembwe. Mlamu anayang'ana sipanala ija, n'kuibisa kumbuyo.

"Alamu, muyankhenitu munthuyo, angatithawe," anatero mlamuyo.

Mwina nanunso mawu anu alibe vuto, akungofera m'njira. Musafulumire kutsitsa mlongoti. Kwerani mukayezere komwe mukuopako, ndipo osataya mtima, wokumvani alipo.