Nambala Yosasintha ya Bambo a Kuseri kwa Chigayo

Bambo a kuseri kwa chigayo, aja anapuma pa ntchito yolondera matabwa ku Luwawa, sakhulupirira chinthu chosuntha chokha. Ngakhale nkhuku ikasintha pogona, amati yatumidwa.

M'kabati mwawo muli kakompyuta kosunga nyimbo zimene malemu akazi awo ankaimba kukwaya, ndipo amazimvera pa foni. Koma magetsi akazima n'kuyakanso, rauta, kabokosi kolumikiza foni ndi kakompyutako, imakapatsa nambala ina, foni n'kukasowa.

"Alipo akukasamutsa," amatero, diso lili pa nyumba ya aphunzitsi oyandikana nawo, a Linily.

Tsiku lina a Linily, atatopa nalo diso limenelo, anagogoda.

"Si munthu, bambo, ndi rauta yanuyi. Tikapatse nambala yakeyake yosasintha."

A Linily anailemba nambalayo mu rautamo, anazimitsa zonse, n'kuyatsanso. Mawu a malemu anamveka pompo.

"Yewo chomene," anatero bambowo, koma nkhope sinamasuke. "Ndiye kazipezeka pamodzimodzi?"

"Masiku onse."

"Mbwenu nayonso mbava yadziwa pakhomo."

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likamalowa amakanyamula kakompyutako n'kukakagoneka m'chipinda china.