Ndinkaponya Madayisi Bokosi la Bambo Likutsekedwa

Ntchito imeneyi sindinaifunsire, ndipo palibe amene anandilipirapo ngakhale sopo. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina pa Namitambo. Koma kwa zaka zitatu ndinalinso woyendetsa nkhani wa gulu lina la pa foni lotchedwa Nthanda, ndipo ntchito yachiwiriyi inandidya kuposa yoyambayo.

Kwa amene simukuwadziwa, awa anali masewera a nkhani yopeka. Tinkayerekeza kuti mvula inaleka kugwa padziko lapansi, ndiye anthu otsala anakwera chombo chachikulu kukafuna dziko lina kuseri kwa nyenyezi, atanyamula mbewu ya nandolo ndi chimanga. Aliyense m'gululo anali ndi munthu wake wopeka: wina dokotala, wina wokonza injini, wina msilikali, wina loboti yolusa. Ankalemba zimene munthu wakeyo akufuna kuchita, ndipo woyendetsa nkhani ndiye ankagamula ngati zatheka kapena zakanika.

Anayambitsa gululi ndi a Wyson, amene ankakonza mafoni pa Namadzi. Atapeza mwayi wopita ku Joni anandiitana pa siteji ya minibasi, n'kundipatsa kope lachikuto cholimba ndi madayisi awiri ofiira.

"Achemwali, inu mumalemba bwino komanso simukondera," anatero. "Malamulo ndi awiri basi. Mukamaponya madayisi muzijambula vidiyo yosadukiza, wina asadzati mwabera. Ndipo Loweruka lililonse 2 koloko muziponya, kaya kugwe chiyani. Chombo sichidikira munthu."

Ndinamva kukoma, sindibisa. Telala wa pakhonde kulamula aphunzitsi, anamwino ndi ana a ku koleji? Ndinalandira kopelo ndi manja awiri.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Lolemba ndinkalemba chiyambi cha mutu watsopano, mwina kuti thanki ya madzi yaboola kapena kuti chombo china chachilendo chayandikira. Sabata yonse ndinkawerenga mauthenga, tsiku lina mazana, n'kumalemba m'kope. Munthu wopeka aliyense anali ndi tsamba lake: mabala ake, zida zake, mpweya umene wamutsalira. Loweruka ndinkayala chitenje choyera, n'kuponyera madayisi aliyense amene wachita chinthu choopsa. Akakwana seveni kapena kuposa, wapulumuka. Akachepera, wavulala. Onse awiri akagwa pa wani, wamwalira, ndipo womwalira sankadzukanso. Anthu ankandiuza kuti ndisankhe wachiwiri wanga wondithandiza, ine osamva. Kope ndi madayisi sizinkachoka m'chikwama changa, ngakhale popita kutchalitchi.

Munthu wopeka akafa, gulu linkalira maliro masiku awiri. Ankalemba ndakatulo, ena kutumiza mawu akuimba nyimbo zachisoni, ena kufotokoza mbiri ya malemu mpaka ine misozi kulengeza. Ndinkadziuza kuti anthu achifundo chotere ndi abale anga ndithu.

Chaka chachitatu bambo anga anayamba kudwala mtima. Anali mlimi, dikoni wa mpingo wa Baptist, munthu wosalankhulalankhula, ndipo ine ankanditchula kuti mayi wawo. Atawagoneka m'chipatala, amene ankawadikirira anali achimwene anga, poti inali wodi ya abambo. Lamlungu lina ndinapita kukawaona. Ndinakhala pambali pa bedi foni ili m'manja, chifukwa m'gulu munali mkangano woopsa. Gift, mphunzitsi wa ku Kadewere, ndi Madalo, wogulitsa zovala pa Namadzi, anthu awo opeka anali atatsekeredwa m'chipinda cha injini, mpweya wotsala wokwanira munthu mmodzi.

"Mayi wanga, inetu ndili pano," anatero bambo. "M'fonimo muli ndani?"

"Ndikubwera, ababa, ndingomaliza kuyankha."

Pamene ndinkamaliza anali atagona tulo. Sindinafune kuwadzutsa, ndinanyamuka kukakwera galimoto ndili ndi mtima woti ndibweranso Loweruka tikatha masewera. Lachinayi m'mawa achimwene anaimba foni kuti bambo atisiya.

Ndinalemba m'gulu kuti ndaferedwa, ndipo maliro aikidwa Loweruka kumudzi kwathu. Anayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera, ena zilembo zitatu zija za RIP. Zinathera pomwepo. Pofika Lachisanu masana anali atabwerera ku nkhani ya mpweya.

Thupi linabwera kuchokera kuchipatala lili kale m'bokosi lotseka, ndipo akuluakulu anati tidzaona nkhope Loweruka, amalume a ku Limbe akafika. Tsikulo ndinali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzanga, mpango kumutu, chikwama pamiyendo. Foni inkangonjenjemera. Amalume anachedwa, nthawi inadutsa 1 koloko, ndipo ndinachita chinthu chopusa: ndinasuzumira.

Gift anali atalemba kuti, "A Admin, pepani ndi zovutazo, koma lamulo munkalinena nokha. Ngati simuponya lero, ine ndi anzanga asanu ndi atatu tituluka." Madalo naye anati kuchedwetsa kuponya ndi njira yokondera Gift. Palibe ngakhale mmodzi amene analemba kuti musiyeni munthu aike bambo ake.

Ndinawerengera mumtima: mphindi khumi zokha. Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa dimba, ndiye ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Ndinayala mpango wanga pansi, n'kuyamba kujambula. Ndinatchula dzina la munthu wa Gift, ndinaponya, eyiti. Ndikukhutchumula madayisi m'dzanja kuti ndiponyere wa Madalo, foni inalira. Anali azakhali anga. Ndinaidula. Ndinaidula ndi chala changa ichi, kuopa kuti vidiyo idukiza. Inaliranso, ndinadulanso. Koma vidiyo inali itaima kale, ndiye ndinayambiranso, ndipo kuitumiza kunatenga nthawi chifukwa mitambo inali itada ndipo netiweki inkangobwera n'kuthawa.

Ndikutsika pachulupo ndinamva kwaya yayamba nyimbo yotulukira. Ndinathamanga. Amalume anali atafika, ndipo poona mvula ikubwera, adzukulu anafulumizitsa mwambo. Anthu onse anali atadutsa pabokosi, ngakhale ongodziwana nawo kumsika. Anandifuna kuchimbudzi, kwa aneba, kuchitsime. Ndinapeza bokosi lili kale pamapewa.

"Unali kuti, Esinati?" anafunsa azakhali, atandigwira pamkono mwamphamvu. "Foni ukundidulira ine? Abambo ako akudikira, akudikira, mpaka tatseka."

Ndinapempha kuti atsegulenso, pang'ono pokha. Abusa anandiyang'ana mwachisoni, koma amalume anapukusa mutu. Bokosi likatuluka pakhomo latuluka. Ndinalondola anthu kumanda wopanda mpango, madayisi ali m'dzanja, mvula ikundimenya. Nkhope yomaliza ya bambo imene ndili nayo ndi ya Lamlungu lija, akundifunsa kuti m'fonimo muli ndani.

Foni ndinaiyatsanso titameta. Munthu wa Madalo anali atagwa pa wani ndi wani, ndipo gulu linali litamulirira masiku awiri athunthu. Ndakatulo zinalipo, nyimbo zinalipo, wina anajambula ngakhale chithunzi cha manda ake pakati pa nyenyezi. Pansi pake panali mauthenga ondinena kuti ndinabera, chifukwa wina anazindikira kuti vidiyo inali yachiwiri. Kuchokera pa Namadzi kapena Kadewere kufika kwathu ndi ulendo wa kabaza. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, koma mwa anthu makumi anayi a m'gululo palibe amene anaponda pabwalo pathu.

Ndinakhala pamakina tsiku lonse ndikujambula tsamba lililonse la kope, n'kutumiza m'gulu. Ndinaika Gift ndi Madalo kukhala ma admin onse awiri, kuti azidyana okhaokha. Kenako ndinalemba mizere iwiri yokha, kuti ndatula pansi udindo ndipo ndikuthokoza. Ndisanadine potulukira m'gulu, yankho limodzi linafika: "Ndiye Loweruka likubwerali aponya ndani?"

Ndimawakwiyirabe, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma mkwiyo waukulu ndimadzisungira ndekha. Iwo sanandikoke dzanja kupita pachulu. Lamulo loti chombo sichidikira munthu ndinalilandira ndine, ndinalinyadira ndine, ndipo ndinkalikumbutsa anzanga akadandaula kuti ali ndi mwana wodwala. Ntchito imene ilibe wokugwirirako ukagwa m'mavuto si ulemu ayi, ndi msampha, ndipo wanga ndinautchera ndekha pokana wachiwiri.

A Wyson atamva anandiimbira kuchokera ku Joni, nati, "Achemwali, lamulo lija ndinkangonena."

Madayisi aja ali m'kabati ka makina anga, pamodzi ndi mabobini ndi singano zothyoka. Ndimawaona tsiku lililonse ndikamasintha ulusi. Masiku ano azakhali akaimba foni ndimachotsa phazi pachopondera nthawi yomweyo, ngakhale singano ili pakati pa msoko, kasitomala ataima pamaso panga. Nthawi zambiri sakhala ndi nkhani, amangofuna kudziwa ngati kuno mvula yagwa. Ndimayankhabe.