Kamunthu kogunditsa mutu pakhoma

Achimwene, dzulo ndikulongedza katundu kuno ku Brampton ndinapeza chithunzi chija chosindikiza cha miyambi ya Adatchi akale, chodzaza ndi zitsiru: wina akumeta nkhumba ngati nkhosa, wina akukwirira chitsime mwana wa ng'ombe atamira kale. Ndinachigula m'ma 1970, chaka chimene ndinatukwana mphunzitsi n'kusiya yunivesite. Tsiku lina mutaweruka kuchipatala munabwera kwanga ku Etobicoke ndi kalata yopepesa, yoti ine ndingosaina kuti andilandirenso kuyunivesite. Ine ndinali kalikiliki kuloza pachithunzipo: "Uyu ndi mphunzitsi uja, uyu ndi kapitawo wakuntchito." Inu munati, "Onse wawapeza, chemwali. Nanga iweyo uli pati?" Kenako munaika chala pa kamunthu kogunditsa mutu pakhoma. Ndinang'amba kalatayo n'kukulozerani khomo.

Digiri sindinaipeze, ndakalamba ndikunyamula makatoni. Mphunzitsi uja anali chitsiru ndithu, mawu amenewo sindibweza. Koma munamwalira ndisanakuuzeni kuti chala chanu sichinaphonye. Chithunzicho ndachipachika pabalaza. Pa kamunthu kaja pakadali kabanga ka chala chanu, ndipo sindikapukuta.