Ofesi ya Mapeyala ya a Likhutcha

A Frackson Likhutcha anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi atatu ndi ziwiri mu ofesi ina pa Boma la Chiradzulu, ndipo pa zaka zonsezo palibe munthu amene anatuluka m'chipinda mwawo n'kunena kuti bambo aja andithandiza. Ntchito yawo inali kulandira makalata, kudinda chidindo ndi kuuza anthu kuti abwere mawa. Chomalizachi ndicho ankachigwira ndi mtima wawo wonse. Wotchi ankaiopa kuposa Mulungu. Hafu seveni inkawapeza ali pampando. Thwelofu ikangokwana ankakoka chitseko, ngakhale nkhalamba yochokera ku Milepa ili pakati pofotokoza vuto lake, ndipo ikamati kota pasiti folo anali atayamba kale kupukuta nsapato kuti hafu folo iwapeze ali panja.

Anabadwira ku Ndunde, kwa alimi a nandolo ndi kabichi, anthu olankhula Chilomwe osachita nacho manyazi. Koma iwo atangopata satifiketi ndi tayi, Chilomwecho chinawathawa m'kamwa, mpini wa khasu n'kuyamba kuwayabwa m'manja. Anakwatira mayi Nester a m'mudzi wina kuseri kwa Boma, n'kukakhala komweko pachikamwini monga timachitira kuno. Malo a nyumba anali a akazi awo, munda wa akazi awo, ndipo mitengo isanu ya mapeyala ya kuseri kwa nyumba anabzala ndi apongozi awo iwo asanaganizeko zofunsira mbeta. Koma mukawamva akulankhula pa bawo, munkayesa kuti mitengoyo anabwera nayo m'thumba la jekete.

Pa msewu wochokera kumudziko kupita kumaofesi, pansi pa mitengo ya bulugamu, pamakhala amayi ogulitsa zipatso. Wamkulu wa onse ndi mayi Bibiana, amene anayamba kukhala pamenepo msewuwo ukadali wafumbi. Amayiwa amafika mame asanakamuke, chifukwa a m'maofesi ndi a kuchipatala amagula nthochi popita ku ntchito. Masana anthu omwewo amatuluka kudzafuna peyala lodyera buledi kapena chinangwa, ndipo poweruka amatengako manachesi ndi magwafa a ana kunyumba. Malonda onse a tsiku amathera pa nthawi zitatu zimenezi. Pakati pake msewu umangoti zii, amayi aja n'kumalukana tsitsi, wina kuyamwitsa, wina kuyala chitenje n'kugonako pang'ono.

Tsoka lake windo la ofesi ya a Likhutcha linkayang'ana komweko. Cha m'ma teni akatopa ndi kukhala, ankaima pawindopo n'kuona amayi akulukana tsitsi. Ankapukusa mutu n'kuuza anzawo kuti dziko lino silingatukuke ndi ulesi wotere, anthu kugona nthawi ya ntchito. Zimenezi ankanena munthu amene chiyambire m'mawa wadinda makalata awiri.

Kugula ankagula ndithu, koma pakutha pa mwezi pokha, ndipo tsiku limenelo amayi aja ankadziwa kuti lero tili pa moto. Ankadina peyala lililonse ndi chala chachikulu, kulinunkhiza, kulibweza, kunenerera mtengo mpaka thovu kukamwa, kenako n'kufunsa basela. Akafika kunyumba ankaika mapeyalawo patebulo n'kuuza akazi awo kuti awa ndiye mapeyala, osati zamadzimadzi zanu za kuserizi. Mudzi wonse unkadziwa kuti mapeyala amenewo ndi a kuseri komweko, chifukwa mayi Bibiana ankapikula kwa mayi Nester, beseni limodzi kapena awiri pa sabata, kuyambira Febuluwale mpaka Meyi. Palibe anawauza. Ndani angathetse sewero loonera ulere?

Ndalama za mapeyalazo sizinali zogulira ndolo. Munda wa mayi Nester ndi kachigamba ngati chikhatho, monga ilili minda yambiri ya ku Chiradzulu, ndipo chimanga chake chimatha Seputembala asanathe. Choncho mayiwo ankasunga ndalamazo mpaka nthawi yokolola, chimanga chikatsika mtengo, n'kugula matumba okwanira kufikira dzinja. Pakhomopo njala sinkalowa chifukwa cha mitengo isanu ija. A Likhutcha ankakhulupirira kuti banja limadya malipiro awo, amene kawirikawiri ankatha mwezi usanafike pakati.

Chaka chatha anapuma pa ntchito. Ndalama za penshoni zinathera ku malata, ku njinga yamoto imene inayenda miyezi iwiri yokha, ndi kwa achibale amene anatulukira ngati ngumbi mvula ikagwa. Zitatha, bambo aja anayamba kukhala pakhonde atavala tayi, kumayang'ana wotchi popanda chitseko choti atseke.

Tsiku lina mu Malichi, ali pakhonde pomwepo, anaona mayi Bibiana akulowera kuseri ndi beseni. Anawatsatira, n'kupeza akazi awo akuthyola mapeyala ndi nsungwi yaitali, mayi Bibiana akusankha okhwima okhaokha. Munthu wina akanachita manyazi pozindikira zimene wakhala akugula zaka zonsezi. Iwo anangoti ankadziwa kalekale, n'kufunsa mtengo wa beseni. Ataumva anadumpha ngati aponda moto. Anawerengera pamtima mtengo wa peyala limodzi pamsewu paja, n'kulengeza kuti banja lawo lakhala likuberedwa dzuwa likuswa mtengo. Anauza mayi Bibiana kuti akhuthule beseni lawo azipita, ndipo asadzapondenso pakhomopo. Chaka chino agulitsa okha, kuti amayi a pamsewu aone mmene munthu wopita ku sukulu amachitira bizinesi.

Mayi Bibiana anakhuthula n'kunyamuka. Mayi Nester anatsamiritsa nsungwi ija pamtengo.

"Bambo a Doreen, mukudziwa kuti mitengoyi ndiyo chimanga chathu?"

"Ndiye chaka chino mudya mpunga."

Akuluakulu anati mkamwini asakule mwendo, koma mayi Nester anali atatopa ndi zaka makumi atatu za kukangana ndi munthu amene sanalakwepo chibadwire. Anawasiya.

Peyala silipsera mumtengo. Limadikira komweko mpaka mwini alifune, n'chifukwa chake odziwa amathyola pang'onopang'ono, n'kumavundika ochepa okwanira malonda a masiku awiri kapena atatu. A Likhutcha sanafunse munthu, ndipo safunsa anadya phula. Iwo chibadwire peyala ankaliona lakupsa kale, lili palichero. Anaitana amuna awiri, n'kuwalamula kuti mitengo yonse isanu aipulule, okhwima ndi anthete omwe, ntchito ithe kamodzi. Anathira mapeyalawo m'matumba pamodzi ndi madeya, kumanga kukamwa, n'kusanja matumbawo m'chipinda chimene chinali cha mwana wawo Doreen asanakwatiwe. Pofika Lamlungu onse okhwima anali atafewa nthawi imodzi, mitengo isanu yathunthu.

Lolemba anasita malaya, kumanga tayi, n'kukweza pa wilibala thumba limodzi, katebulo, mpando ndi nsalu ya patebulo. Anakaima kutsidya kwa msewu, patali ndi amayi aja, kuopa kuti anthu angawasakanize nawo. Anafika hafu seveni yeniyeni, ndipo anadzitamandira mumtima chifukwa chosunga nthawi. Nthawi imeneyo n'kuti munthu womaliza akulowa pa geti la ofesi, malichero a amayi aja atafika kale pakati.

Anakhala. Anasanja mapeyala m'mizere, aakulu kumbuyo aang'ono kutsogolo. Kunadutsa mbuzi, kenako wakabaza wina amene anagula awiri. Kutsidya amayi anayamba kulukana tsitsi, ndipo a Likhutcha anawayang'ana monyansidwa, iwo ali tsonga pampando ngati munthu amene ali pa ntchito. Thwelofu itakwana anaphimba katundu ndi nsalu, kumanga ndi chingwe, n'kuyamba ulendo wokadya kunyumba. Mageti anali akutseguka, anthu akukhamukira kumsewu. Namwino wina anawathamangira n'kufunsa ngati mapeyala aja ndi awo.

"Tatseka, mayi. Mubwere ikakwana wani koloko."

Wani koloko namwinoyo anali atabwerera kale ku wodi, atagula kwa mayi Bibiana. Madzulo zinali chimodzimodzi. Kota pasiti folo analongedza, ndipo pamene chinamtindi cha oweruka chinkafika pansi pa bulugamu, iwo n'kuti akukankha wilibala kulowera kumudzi, akuuza amene akuwaimitsa m'njira kuti abwere mawa.

Lachiwiri anagulitsa asanu. Anafotokozera akazi awo kuti bizinesi iliyonse imayamba choncho, ndiponso kuti amayi aja ayenera kuti ali ndi mankhwala oitanira anthu, chifukwa palibe chifukwa china chimene munthu angasiyire tebulo la nsalu n'kukagula pansi. Lachitatu m'nyumba munayamba kumveka kafungo kowawasa, ndipo timadzi takuda tinayamba kutuluka pansi pa matumba. Mayi Nester anapempha kuti alawire okha m'bandakucha ndi beseni pamutu, kapena apite kwa mayi Bibiana akapepese kuti atengeko amene adakali bwino, ngakhale pa mtengo wozizira. A Likhutcha anamva ngati atukwanidwa. Anthu akanati chiyani? Kuti bwana walephera, mpaka mkazi wakagwada kwa ogulitsa pansi? Anagula loko, kukhoma chipinda cha Doreen, kiyi n'kuika m'thumba la malaya pamodzi ndi bolopeni.

Lachinayi cha m'ma teni mayi Bibiana anaoloka msewu. Sanabwere chifukwa cha chisoni ndi bamboyo ayi. Iwo ndi mayi Nester anavinidwa chaka chimodzi, ndipo ankadziwa chimene chikuola m'chipinda muja. Ananyuta pang'ono mwaulemu, n'kuyang'ana mapeyala amene anali atayamba kale mawanga akuda.

"Bambo a Doreen, ndinene ngakhale munandithamangitsa. Anthu ogula ali m'maofesi nthawi imene inu mwakhala pano. Akamatuluka, inunso mukutuluka. Ndiye mukugulitsa kwa ndani, kwa mbuzizi?"

A Likhutcha anakweza mkono kuti wotchi ionekere, n'kuyankha kuti munthu amene wagwira m'boma zaka makumi atatu ndi ziwiri sangaphunzitsidwe nthawi ndi munthu woyang'ana dzuwa. Mayi Bibiana anati zikomo, n'kubwerera kukamaliza tsitsi la mnzawo. Thwelofu itakwana bambo aja anaphimba katundu wawo mwamphamvu kuposa masiku onse, kuti kutsidya aone.

Komabe mawuwo anawalowa. Anayenda nawo mpaka kunyumba, kudya nawo, ndipo pofika madzulo anali atawasandutsa nzeru zawozawo. Anauza akazi awo kuti atafufuza bwino aona kuti mawa ayenera kugwira ovataimu. Lachisanu anapanga maulendo atatu ndi wilibala, kutulutsa matumba onse otsala, n'kuwaunjika pambali pa tebulo. Thwelofu inakwana iwo osanyamuka, koyamba m'moyo wawo.

Anaiwala chinthu chimene munthu wa mu ofesi sayenera kuiwala. Lachisanu masana a m'maofesi ambiri sayang'ana zipatso, amathamangira minibasi za ku Limbe ndi ku Blantyre kumene kuli mabanja awo. Amayi aja tsiku limenelo amabwera ndi katundu wochepa. Anthu anadutsa ndi zikwama paphewa, ena akutseka mphuno pofika pa mulu wa matumba, umene tsopano unali utakutidwa ndi ntchentche zobiriwira. Amene anaima ndi Dan yekha, mnyamata amene analowa m'malo mwawo ku ofesi kuja. Anawapatsa moni mwaulemu, n'kutola peyala limodzi kuti awalimbitse mtima. Chala chake chinangolowa chonse, phala lakuda n'kumuyenderera mpaka m'chigongono. Anapukuta ndi pepala, n'kunena kuti minibasi ikumusiya.

Dzuwa litapendeka kunabwera a Mikaele, oweta nkhumba kumunsi kwa mtsinje, amene fungo linawaitana. Anatsegula thumba limodzi, kusuzumira, n'kunena kuti zimenezi ndalama sangatulutse, koma angathandize kuchotsa, malinga eni ake akatule okha kukhola chifukwa iwo msana ukuwavuta. A Likhutcha anakankha wilibala maulendo atatu kutsetsereka kumtsinje, tayi ili m'khosi, akudutsa pamaso pa amayi aja. Palibe ndi mmodzi yemwe anaseka. Akanaseka bwenzi zili bwino, bamboyo akanapeza wokalipira.

Anafika pakhomo dzuwa lisanalowe, atakonza kale zonena: boma, kukwera kwa zinthu, ufiti wa amayi a pamsewu. Mayi Nester anali atakolopa m'chipinda cha Doreen, chimene bamboyo anachisiya chosakhoma m'mawa, zitseko zonse zili pululu kuti fungo lituluke. Anawapatsa madzi osamba m'manja, n'kuwaikira patebulo mbale yovundikira bwinobwino ngati ya mlendo. A Likhutcha anavundukula. Munali mapeyala atatu akuda amene anagubudukira kuseri kwa chitseko, odulidwa pakati, ndi kamchere pambali.

"Ichi n'chiyani, mayi a Doreen?"

"Chimanga cha chaka chino. Idyani pang'onopang'ono, chikufikitseni Febuluwale."

Mayiwo anatenga mpango wawo n'kutuluka, kulowera kwa achimwene awo aakulu, eni mbumba, kumene nkhani za akamwini zimakambidwa. A Likhutcha anatsala ndi mbale yawo. Anayang'ana pa wotchi, ndipo inali faifi koloko.