Chitseko Chimene Tinatseka ku Lufita

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Chitipa ndinabwera ndili mnyamata, kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa boma, ndipo ndinakwatira konkuno. Chitumbuka ndimamva, Chilambya ndimangolonjera. Miyambo ina ndimaidziwa ndi mutu chabe, sinandilowe m'magazi.

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amalima chimanga ndi nyemba ku Lufita. Chaka chatha madokotala ku Mzuzu anawapeza ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kali m'munsi mwa chikhodzodzo. Ndinawaperekeza ndine. Pobwerera tinafika pa Karonga. Minibasi itaima, anandigwira bondo.

"Alamu, mlongo wanga mukhoza kumuuza. Koma mkamwana wanga asamve."

Mkamwana ndi mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Kumudzi kwa alamu, mkamwana ndi apongozi ake aamuna sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mkamwana amapatukira m'munda. Akafuna kuuzana kanthu, mawu amadzera mwa munthu wina. Akazi awo a alamu anamwalira kale, ndiye amene amawaphikira ndi mkamwana yemweyo, chakudya n'kupereka kudzera mwa mwamuna wake.

"Akadzamva za m'munsi mwanga, pabwalo panga ndidzayenda bwanji?" anatero. "Kuli bwino ndileke za chipatalazi, ndipite kwa mng'ono wanga ku Tanzania, ndikathere komweko."

Sankaseka. Ndinalonjeza.

Kutchalitchi kwathu abambo tinali titayamba kagulu kothandiza amuna odwala nthendayi kuti azipeza thiransipoti ya ku Mzuzu, chifukwa ambiri amapita kamodzi n'kulekera pomwepo. Thumba silinkakula. Mnzathu wina wogwira ntchito ya zaumoyo anati ana a kuno adzaza ku Joni, ku Lilongwe ndi ku Mbeya. Anati tiulutse layivu pa tsamba la gulu lathu pa intaneti, munthu azilankhula, iwo azionera nthawi yomweyo n'kumatumiza thandizo pa foni. Koma panafunika mwamuna wodwala kuti alankhule yekha. Atatu anakana. Wapampando wathu, mphunzitsi wopuma pantchito, anapita kwa alamu, ndipo anavomera.

Foni ya kamera yabwino inali yanga, choncho wojambula ndinali ine. Kutatsala masiku awiri, alamu anandifunsa kuti amene adzaonere ndi ndani.

"Anthu akutali," ndinatero. "A ku Joni."

"Amuna?"

"Gululi ndi la abambo."

Zimenezo zinali zoona, koma si zimene anafunsa. Tsambalo linali lotsegukira aliyense, ndipo ndinkadziwa. Ndinadziuza kuti kumudzi netiweki imavuta, palibe angawononge bandulo yake poonera madoda akulankhula. Chenicheni n'chakuti ndinaopa kuti akamva akana.

Tinakumana Loweruka masana kunyumba kwa alamu, amuna asanu ndi mmodzi. Pakhonde panali amayi akutongola chimanga: mkazi wanga, mkamwana, ndi ena awiri oyandikana nawo nyumba. Wapampando anavula chipewa.

"Amama, pepani. Nkhani ya lero ndi ya madoda."

Amayi anati yewo, ananyamula malichero awo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba ya mwana wa alamu. Ife tinalowa. Pazenera tinatchinga chitenje, kusiya kampata ka kuwala. Alamu anatseka chitseko okha, n'kuchitsamiritsa mpando.

"Ndiye a ku Joni ationa?" anafunsa mmodzi wa ife, wogulitsa feteleza pamsika. "Dikirani ndivale jekete."

"Jekete ibisa mimba, bwana," anatero wapampando. "Nanga dazilo?"

Tinaseka, ine n'kudina poyambira.

Alamu analankhula bwino kuposa mmene ndinkaganizira, Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Ananena za mkodzo wotuluka modontha, ndi za chaka chathunthu chimene anataya akumwa mizu chifukwa cha manyazi. Ananena mmene dokotala amayezera, ndi chala, ndipo wa feteleza uja anayang'ana kudenga. Kenako ananena chimene ngakhale ine sanandiuzepo. Chimbudzi cha pamudzipo chili kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, ndipo njira yake imadutsa pathandala pamene mkamwana amatsukira mbale. Munthu sangadutse pamenepo kasanu ndi kawiri tsiku limodzi. Ndiye masana amapirira mpaka m'mimba kuwawa, kapena amathawira m'chimanga. Chimanga chikakololedwa, alibe kothawira.

Pa foni mayina a oonera ankakwera mmodzimmodzi. Ena ndinkawadziwa. Wina wa ku Joni analemba kuti watumiza kangachepe, wina anati bambo ake nawonso akuvutika chomwecho. Pamenepo m'pamene dzina la mkamwana linatulukira, ndi kachithunzi kake atavala yunifolomu ya kwaya.

Ndinayang'ananso, mwina ndi dzina lofanana. Ayi. Ndipo kunja, cha ku mtengo wa mango, ndinamva mawu a alamu, aang'ono, akubwera m'mbuyo mwa mawu awo enieni. Iwo m'nyumba anali atafika kale pa za m'chimanga, kunja mawu a pa foni anali adakali pa za thandala. Kenako mawu akunjawo anazima.

Wapampando anamva. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana foni. Alamu khutu lawo lamanzere silimva bwino, ndipo ndi limene linali cha kuzenera. Anapitiriza.

Ndikanatha kuzimitsa. Ndikanati netiweki yathawa, palibe akanatsutsa. Koma ndinaganiza kuti ndikazimitsa mwadzidzidzi andifunsa, ndipo nkhope yanga sidziwa kunama. Ndinaganizanso kuti zoopsazo zanenedwa kale. Chala chinali pamwamba pa batani mpaka pamapeto, osadina. Alamu anamaliza ndi kuti, "Ine ndinachedwa. Imwe mungachedwanga," kutanthauza kuti inu musachedwe. Amuna anawomba m'manja.

Titatsegula chitseko, amayi anali akutongolabe chimanga. Palibe anadzutsa mutu.

Titafika kunyumba mkazi wanga anakhala pampando osamasula mpango.

"Munatitulutsa kuti tikamve bwino?"

"Mkamwana anamva zonse?"

"Foni inali yake. Atazindikira mawu a apongozi ake anatsitsa, koma anaiika kukhutu. Ine ndinati zimitsa, iye anangotembenuka." Anandiyang'ana. "Achimwene akawoloka malire, mudzakawatenga ndinu."

Kanemayo ndinamuchotsa pa tsamba tsiku lomwelo, ngakhale wapampando ankati akhale chifukwa thandizo linali likubwerabe. Linabweradi, ndipo amuna angapo anayendera. Koma ine sindinasangalale nalo. Alamu ankayenera kubwerera ku Mzuzu Lachinayi. Lolemba ndi Lachiwiri ndinkati ndikatuluka muofesi ndimadzera pamene pamaima njinga zamoto zopita kumalire, n'kumayang'ana okwera. Foni ikalira, ndinkathamangira kuona woimba. Ndinalemba papepala mawu oti ndikawauze, ndinang'amba, ndinalembanso.

Lachitatu ndinapalasa njinga kupita ku Lufita. Ndisanafike pakhonde ndinaona kuti pabwalo pasintha. Thandala linali litachoka pamalo pake, litakhomedwa kutsogolo kwa nyumba ya mwana wawo. M'mbali mwa njira ya kuchimbudzi munali mpanda watsopano wa udzu, wautali kuposa munthu, kuchokera pakona pa nyumba ya alamu mpaka pakhomo pa chimbudzi. Mwana wawo ndinakumana naye akumangirira luzi lomaliza. Anati mkazi wake wadandaula kuti pamalo akalewo pali chiswe, ndiponso mphepo imagwetsera fumbi m'mbale. Ananena osandiyang'ana.

Alamu anali pakhonde. Pambali pawo panali chikwama chotseka. Ndinachiyang'ana, osadziwa kuti ndi cha ulendo uti.

"Mwaghona, alamu," ndinalonjera m'Chilambya.

"Mwaghona. Khalani."

Ndinakhala. Mawu a papepala aja anandithawa.

"Mpanda mwauona?"

"Ndauona."

"Akuti chiswe." Anakanda chibwano. "Thandala lija ndinakhoma ndine. Mitengo yake chiswe sichidya."

"Alamu, ndinalakwa. Ndinkadziwa kuti aliyense akhoza kuonera. Sindinakuuzeni."

"Mwana wa mng'ono wanga anandiimbira Lamulungu kuchokera ku Mbeya. Wamkazi. Akuti, adada, mwalankhula bwino." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Ine kutseka chitseko, kuikapo mpando, kumeneko inu mwanyamula zenera m'manja."

Ndinaloza chikwama.

"Nanga ichi?"

"Mawa si Lachinayi?"

Ndinati ndidzafika m'mamawa ndi njinga yamoto kuti tikapeze minibasi yoyamba.

"Ayi," anatero. "Andiperekeza mwana wanga. Iye tsopano akudziwa. Inu mupume."

Sanakweze mawu. Ndinamva chimene ankatanthauza.

Nthawi yomweyo mkamwana anatulukira kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Ataona apongozi ake pakhonde anapatuka, n'kuzungulira kuseri kwa khola la mbuzi monga amachitira masiku onse. Alamu anayang'ana pansi mpaka atadutsa. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, anati ndiwadikire, n'kulowa kuseri kwa mpanda watsopano uja.

Ku Mzuzu akupitabe, mwezi ndi mwezi. Zimene madokotala akunena ndimamvera kwa mkazi wanga, iye akamva kwa mwana wa alamu. Ndikapita ku Lufita timacheza za mvula ndi mtengo wa nyemba. Ndikamakhala pansi, foni ndimaitulutsa m'thumba n'kuisiya m'chikwama cha panjinga, kunja.