Phokoso Limene Anandithamangitsira

Amene anandilakwira ndi malume anga enieni, a Selesitinu, mlongo wawo wa amayi, omwenso ndi mkulu wa kwaya pa tchalitchi chathu cha panjira ya ku Majaua. Anandiimika pamaso pa mpingo wonse tsiku Lamulungu, nandilanda gitala ya kwaya, n'kulengeza kuti ndang'amba sipika ya Mulungu ndi kaimbidwe ka m'mabala a mowa. Sipikayo inali itang'ambika kale ndi mabampu a panjinga, aliyense ankadziwa. Mlandu wanga unali woti ndinaikonda choncho. Ndikakweza mawu, gitala inkalira mosasa, ngati munthu amene mawu amuthera pamaliro koma akuimbabe. Ine zinkandigwira mtima. Iwo ankati n'zochititsa manyazi.

"Zeka, pepesa," anatero amayi akundikoka malaya.

Ndinamenya benchi ndi phazi n'kutuluka. Sukulu ndinali nditaisiya kale, khasu sindinkalifuna, gitala andilanda. Ndikanatsaliranji? Ndinagulitsa njinga ya malemu bambo, ndinaoloka boda pa Muloza, n'kukakwera basi ya ku Joni mu Blantyre.

Anthu akamabwerako ku Joni amangoonetsa nsapato ndi mafoni. Sanena za kugona mothithikana m'kachipinda ka malata, kuzizira kolowa m'mafupa, kapena kukhota njira ukaona wapolisi chifukwa mapepala ako anatha. Ndinatsuka magalimoto, ndinanyamula njerwa, kwina anandichotsa chifukwa cha pakamwa pangapa. Pomaliza ndinapeza ganyu yosesa ndi kunyamula katundu m'kashopu ka mzungu wina wokalamba, amene ankapanga yekha maampu ndi manja. Ampu ndi bokosi lija lokweza mawu a gitala. Ake anali a machubu, timababu tagalasi toyaka kumbuyo ngati makala, ndipo umayamba wadikira kuti titenthe usanaimbe.

Tsiku loyamba kumva kasitomala akuyesa imodzi, ndinaponya tsache n'kuthamangira konko, poganiza kuti sipika yang'ambika ndipo anamiziranso ine. Ndinapeza bamboyo atatsinzina, akumwetulira. Linali phokoso lomwe lija la ku tchalitchi kwathu. Ndipo ankaligula ndi ndalama zoti kwathu ukhoza kufolera nyumba ndi malata mpaka khola la mbuzi. Ndinapita kuseri n'kukatukwana ndekha m'Chilomwe.

Loweruka lililonse ankabwera anthu kudzayerekeza. Ndinaphunzira ndi makutu, tsache lili m'manja. Ampu yaikulu sisasa pokhapokha uikweze mpaka mawindo anjenjemere. Yaing'ono, ya sipika imodzi, imasasa msanga, mawu akadali oti mungathe kumvana. Panalinso mapedalo, timabokosi toponda ndi phazi towonjezera kusasako. Nthawi ya nkhomaliro bwana ankandisiya kuti ndiziwayesa. Ina inkalira ngati munthu wachimfine. Ina ngati chigayo, moti zala zako osazimvanso. Ina ngati njuchi m'chitini. Ine ndinakonda ina yosapenta n'komwe: ukakhudza nsambo pang'ono imalira bwinobwino, ukazimenya imakalipa.

"Imeneyo ili ngati iweyo," anatero bwana.

Ndinamuyankha kuti ine sindipondedwa ndi phazi. Anaseka. Ine sindinkaseka.

Amayi ankatumiza mawu pa foni ya mlongo wanga Rozita. Denga likudontha. Feteleza wakwera. Ndinkatumiza, ndipo kandalama ka ampu kankabwerera pansi. Lamulungu ndilo linkapweteka kwambiri. Anzanga ali ku mowa, ine ndili pa matiresi kumvetsera mobwerezabwereza mawu a Rozita akundiuza kuti mango apsa. Za malume sindinkafunsa, koma ndikamaimba m'shopu muja ndinkaona nkhope yawo. Nyumba itafoleredwa ndinayamba kusunga zanga. Ndinasankha ampu yaing'ono imene kasitomala anaibweza chifukwa chokalika pakona. Yaikulu inkandikopa, koma jenereta ya kumudzi sikanailimba, ndipo ndinkadziwa kumene ndinkafuna kuti ikalire. Pedalo ndinatenga yosapenta ija, n'kugulanso gitala yakale yotchipa.

Kenako Rozita anaimba foni. "Achimwene, ndikukwatiwa. Ndikufuna mudzaimbe inuyo, osati kiyibodi ya mwana wa a malume."

Machubu ndinawazula n'kuwakulunga m'masokosi, ulendo wonse ali m'thumba la jekete. Pa boda msilikali anawatembenuzatembenuza n'kufunsa ngati ndi mankhwala. Kuchokera pa msika wa Milange ndinakwera njinga ya kabaza, ampu ili pamiyendo ngati khanda, wopalasa akudandaula njira yonse kuti ndanyamula mwala.

Malume ndiwo anali nkhoswe ya ukwatiwo. Sanabwere kudzandilonjera, anangotumiza mawu: ndiimba m'tchalitchi ndikayamba ndagwada pamaso pa akulu a mpingo, ndipo gitala ilire mosalala ngati kiyibodi. Rozita anandichonderera.

"Ingogwadani, achimwene. Mumandilonjeza pa foni, lero mwafika mukufuna mundichititse manyazi?"

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa ulendo wonsewo ndinayendera iyeyo. Koma kupepesa sipika imene sindinang'ambe, ayi.

Lachinayi masana ndinabwereka jenereta ya mnzanga wometa tsitsi, n'kuika ampu pabwalo la amayi kuti Rozita amveko. Anthu anasonkhana. Malume nawo anatulukira, tayi ili m'khosi dzuwa lonselo, nakhala pampando wa malemu bambo. Ndinayatsa. Machubu akutentha, zii.

"Ndiye zimene unapitira ku Joni zimenezi?" anatero malume. "Wailesi yosalankhula?"

Anthu anaseka. Ndinaluma mano n'kudikira. Timakala tija titafiira ndinayamba pang'onopang'ono nyimbo imene Rozita amaikonda, kenako ndinaponda pedalo n'kumenya nsambo.

Amayi anali akupeta nyemba pakhonde. Anaika lichero pansi. Nditamaliza sanayang'ane ine, anayang'ana mlongo wawo.

"Achimwene, si gitala yanu ija imeneyi? Ya chigubu cha mafuta, nsambo za mabuleki a njinga, munkamangirira zitsekerero za mabotolo kuti izisasa? Ku kampu ya othawa nkhondo kuja, kutsidya kwa Ruo, si inu munkativinitsa mpaka kuiwala kuti kwathu kuli nkhondo?"

Mayi wina wachikulire anaseka n'kuomba m'manja. "Ankaimba atavula malaya ameneyu."

Ine sindinkadziwa. Ndinabadwa atabwerako kale, ndipo kwathu za ku kampu sizinenedwa.

"Zinali za umphawi zimenezo, chemwali," anatero malume akuyang'ana pansi. "Tinazisiya konko."

Pamenepo ndinaona kuti nkhani sinali sipika. Kwathu chilichonse chokumbutsa kampu timachikwirira ndi tayi, ndi kiyibodi, ndi sipika yonyezimira imene mpingo unagula nditachoka. Ine ndinakazizidwa ku Joni kufunafuna phokoso limene linali m'zala za malume anga. Mungaganize kuti ndinawamvera chisoni. Ayi, mtima unangowira kuposa kale. Munthu woti ankalidziwa kukoma kwake ndiye anandiimika pamaso pa mpingo.

Amayi anatenganso lichero. "Tchalitchi n'chanu, achimwene, koma bwalo lino n'langa, ndipo madyerero ali pano. Rozita, wamva?"

Rozita anavomera ndi mutu, akupukuta m'maso ndi chitenje.

Malume anadzuka n'kukonza tayi. "Zeka, ndikufunsa komaliza. Ugwada kapena ayi?"

Ndinatsitsa mawu a gitala kuti amve bwino, n'kuwayandikira.

"Sindigwada, malume. Sipika ija sindinang'ambe, ndipo inu mukudziwa. Munandithamangitsa chifukwa ndinkakukumbutsani chigubu chanu. Inu munachitaya ku kampu, ine ndakachitola ku Joni. Loweruka m'tchalitchi muimbe kiyibodi yanu. Mukatuluka mudzandipeza pano, ndipo mlongo wanga adzavina. Miyendo yanu ikadzayamba yokha, musadzaigwire."