Mwana wachisanu wa loya wa ku Manila

Ndikukumbukira fungo la makandulo ndi majasi onyowa ndi mvula pabalaza pa Anti Luz, mu msewu wathu wa nyumba zogundizana ku Bolton, ku Mangalande. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Anti Luz anali namwino wochokera ku Philippines, ndipo ankagwira ntchito wodi imodzi ndi amayi anga. Bambo a Anti Luz anali atamwalira ku Manila, koma iwo kumaliroko sanapite.

Amayi atamva, sanadikire kuitanidwa. Anamema anamwino anzawo a ku Malawi, onse anamanga zitenje pamwamba pa mayunifomu, n'kukakhala pansi pakapeti, mipando ili gwaa yopanda munthu. Kenako amayi anati maliro opanda mbiri ya womwalira si maliro, ndipo cholembera anapatsa ine, poti ndinkatumbwa nacho Chingerezi changa cha kusukulu.

Tinakhala awiri kukhitchini. Anti Luz anandiuza kuti bambo awo anali loya woimira alimi olandidwa minda. Atalowa m'nyumba ya malamulo ankatsutsa zoti asilikali a dziko lina azikhala panthaka yawo, mpaka anagonapo m'ndende. Koma chimene chinkawawawa koposa chinali kuona dziko likuphunzitsa anamwino n'kumawatumiza kukasamala odwala a eni ake. Anti Luz, mwana wawo yemwe, atakwera ndege, bambowo anasiya kuwayankha makalata.

Ndinafunsa funso limene mbiri iliyonse ya kwathu imathera: "Asiya ana angati?"

"Nyuzipepala yalemba anayi," anatero Anti Luz motsitsa mawu. "Lemba anayi. Ine anandichotsa."

Ndinalemba, koma mtima unakana. Ndinapita kukawanong'oneza amayi. Iwo anandiyang'ana ngati ndaswa mbale ya alendo. "Iwe, pamaliro timawerenga ana obadwa, osati okondedwa. Kakonze msanga."

Ndinaima pakati pa anthu. Ndinawerenga za minda, za nyumba ya malamulo, za ndende. Pomaliza ndinanena kuti malemuwa asiya ana asanu. Anti Luz anagwira pakamwa, kenako analira kulira kumene anakumeza sabata yonse. Amayi anayambitsa nyimbo ya maliro ya Chichewa, ndipo Afilipino amene analipo ankangong'ung'udza nawo osadziwa mawu.

Masiku ano maliro akwathu timaonera pafoni, nthawi zina tili m'basi, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinakhalanso pansi m'nyumba ya wofedwa. Bambo aja ndimawalemekeza chifukwa anakonda dziko lawo mpaka kundende, koma ndimawakwiyirabe mpaka lero. Anti Luz anapuma pantchito, tsitsi lonse ndi imvi. Ndikawayendera amatsitsa chithunzi cha bambo awo pakhoma n'kuchitembenuza. Kuseri kwake kuli pepala lija, pamene ndinakhwatcha anayi n'kulemba asanu.